Pekani mwanayo, koma dziko lake musalipeke

Cha m'ma 1841 anthu amene boma la Britain linawatuma kukafufuza za ana ogwira ntchito m'migodi ya malasha anacheza ndi mtsikana wa zaka 8, dzina lake Sarah Gooder. Ntchito yake inali yotsegula ndi kutseka chitseko cha mphepo pansi pa mgodi. Zitseko zimenezi ndi zimene zinkawongolera mphepo kuti izifika m'makwalala onse, ndipo chimodzi chikasiyidwa pululu, mpweya woipa unkaunjikana mpaka kuphulika. Choncho mwana ankakhala m'kaphanga m'mbali mwa njira ya ngolo, chingwe chili m'manja. Akamva ngolo ikubwera ankakoka, ikadutsa n'kutseka. Sarah anauza ofufuzawo kuti amalowa cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ndipo amatuluka cha m'ma 5 madzulo. Anati ntchitoyo simutopetsa, koma amachita mantha chifukwa amakhala wopanda nyali. Anatinso kukakhala kuwala nthawi zina amaimba, koma mumdima sayerekeza n'komwe.

Wolemba amene sanawerenge umboni umenewu akanalemba kuti mwanayo amaimba mumdima pofuna kuthamangitsa mantha. Ndi mmene tonsefe timaganizira tikakhala pampando, magetsi akuyaka. Mwana weniweniyo ananena zina, ndipo zimene ananenazo n'zimene zimabaya mtima: mdimawo unali woti ngakhale mawu ake omwe ankaopa kuwatulutsa. Owerenga wa zaka 10 akakumana ndi chiganizo chimenecho sadzachiiwala.

Mfundo yanga ndi iyi. Amene akulembera ana nkhani yopeka yochokera m'mbiri yakale ali ndi ufulu wopeka mwana, dzina lake, makolo ake, mnzake wapamtima, ndi mawu onse otuluka m'kamwa mwawo. Chimene alibe nacho ufulu ndi kupeka zimene zinali zotheka pa nthawiyo: zimene mwanayo akanadziwa, zimene akanagwira m'manja, zimene akanatha kuchita, ndi zimene zikanamuchitikira. Munthu wamkulu akawerenga buku lopotoza mbiri amakhala ndi zina m'mutu zoti ayerekeze nazo. Mwana kawirikawiri alibe. Bukulo ndilo khomo lake loyamba lolowera m'nthawi imeneyo, ndipo chimene chalowa poyamba chimakhazikika. Mphunzitsi adzabwera pambuyo ndi madeti ake, koma chithunzi cha m'bukucho chidzakhala chitatenga kale malo.

Cholakwika chimene chimapezeka kwambiri si deti lolakwika ayi. Ndi mpangankhani wodziwa zambiri kuposa nthawi yake. Wolembayo akudziwa mmene zinthu zinathera, ndiye chidziwitsocho chimadonthera m'mutu mwa mwana wa m'nkhani iye osazindikira. Mnyamata wa mu 1916 sanganene kuti "Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse", chifukwa sakudziwa kuti kudzabwera yachiwiri. Sakudziwanso kuti nkhondoyo yatsala ndi zaka ziwiri. Kwa iye ikhoza kutha mawa kapena osatha konse, ndipo mantha ake achokere pamenepo. Mtsikana wa mu 1880 sangauze mng'ono wake kuti athawe udzudzu poopa malungo ngati mmene amanenera mwana wasukulu lero, pakuti umboni woti udzudzu ndiwo umafalitsa matendawa anaupeza Ronald Ross mu 1897. Ku London mu 1854, kolera itavuta, anthu ambiri ankati gwero lake ndi fungo loipa la mumpweya, ndipo John Snow, amene analoza chitsime cha pa Broad Street, ambiri sanamukhulupirire. Mwana wa mumsewu umenewo azitseka mphuno uku akumwa madzi omwewo. Owerenga, amene akudziwa, adzafuna kumukuwira kuti asamwe, ndipo kufuna kukuwa kumeneko ndiko kumamugwiritsa bukulo osalisiya.

Nkhani nazo sizinkayenda msanga. Nkhondo yoyamba ija inaima ku Ulaya pa 11 Novembala 1918, koma gulu la asilikali a Germany lotsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck linali lidakali m'tchire kumpoto kwa dziko limene lero ndi Zambia. Uthenga unawapeza patapita masiku, ndipo anakatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi ku Mbala, pa 25 Novembala. Mnyamata wosenza katundu wa asilikali m'masiku amenewo akuyendabe, miyendo itatupa, pa nkhondo imene inatha kale. Wolemba akamuika akuvina pa 11 Novembala wanama, komanso wataya nkhani yabwino kuposa imene walembayo.

Umbuli wa mwana ndi chuma cha wolemba. Ruby Bridges anali ndi zaka 6 pamene, pa 14 Novembala 1960, analowa pa sukulu ya William Frantz ku New Orleans, ku America, imene kufikira nthawiyo inali ya ana achizungu okhaokha. Apolisi anayi a boma ankamuperekeza, khamu likukuwa ndi kutukwana. Iye wakhala akufotokoza kuti tsiku loyambalo ankaganiza kuti ndi chikondwerero cha Mardi Gras, popeza mumzindawo anazolowera kuona makamu akufuula. Taonani mmene mwana amamvera zinthu zazikulu: amazikokera ku zimene akuzidziwa kale. Wolemba amene angamuike mwana wotere akulankhula za ufulu wachibadwidwe pakhomo la sukulupo wamulanda ubwana wake.

Pa zinthu zogwirika, njira yake ndi yotopetsa koma ilibe chidule. Mukamaliza kulemba mutu, tengani cholembera muzunguze dzina la chinthu chilichonse chimene munthu wagwira, wavala, wadya, wakwera kapena wayatsa. Pa chilichonse funsani mafunso awiri: kodi chinalipo chaka chimenecho, nanga chinali chitafika pamalo amenewo, m'nyumba ya anthu a mapezedwe amenewo? Funso lachiwirili ndi limene ambiri amalidumpha. Machesi anayamba kugulitsidwa ku England mu 1827, koma zimenezo sizitanthauza kuti mu 1830 nyumba iliyonse padziko inali nawo. Kwa ambiri moto unali wosunga usiku wonse kapena wokapala kwa anansi, ndipo mwana wozimitsa moto anali atapalamula mlandu weniweni. Njinga ya magudumu ofanana, yoyendera tcheni, inatchuka kuyambira 1885. Mankhwala a penisilini anatulukiridwa mu 1928, koma anayamba kufika kwa odwala ambiri m'zaka za m'ma 1940, kotero chilonda cha msomali mu 1935 chikhoza kupha munthu. Chimanga, mbatata ndi tomato zinachokera ku America, ndiye sizingapezeke m'munda wa ku Africa kapena ku Ulaya chisanafike chaka cha 1492. Mayina a malo nawonso ali ndi zaka zake: Kinshasa inali Léopoldville mpaka 1966, Harare inali Salisbury mpaka 1982, ngakhale kuti eni nthaka nthawi zambiri anali ndi mayina awoawo, ndipo dzina limene mpangankhani asankhe kutchula limaonetsa kumene waima.

Pambali pa zimenezi pafunika kalendala ya nkhani. Lembani tsiku lililonse la m'nkhaniyo pa mzere wake: deti, tsiku la sabata, nyengo, ndi kukula kwa mwezi. Makalendala a zaka zakale ndi maonekedwe a mwezi amapezeka pa intaneti mosavuta. Pa 16 Juni 1976, tsiku limene ana a sukulu a ku Soweto, ku South Africa, anayamba zionetsero zotsutsa boma la tsankho, linali Lachitatu, tsiku la sukulu, m'nyengo yozizira. Ana anatuluka atavala yunifolomu ndi majuzi. Kumene kulibe magetsi, mwezi ndiwo umalamula ngati munthu angayende usiku kapena ayi, ndiye musathawitse mwana pa mwezi wowala mutu uno pamene dzulo lake munati kunali mdima wa ndiweyani. Mtunda nawo uwerengedwe. Mwana amayenda makilomita atatu kapena anayi pa ola, ndipo gulu losenza katundu likayenda makilomita 20 kapena 25 pa tsiku layenda kwambiri. Ulendo wa makilomita 100 ndi wa masiku anayi kapena asanu, ndipo tsiku lililonse likufuna madzi, chakudya ndi pogona. M'mafunso amenewo, akuti amwa kuti, agona kwa yani, ndi mmene mumatuluka zochitika zimene wolemba sakanaziganizira atangokhala phee.

Ena amatsutsa kuti ana amafuna ngwazi yochita zinthu, osati mwana wongoonerera. Akunena zoona, ndipo buku limene mpangankhani wake sachita kanthu silimalizidwa. Koma mankhwala amene ambiri amathamangira ndi oipa kuposa matendawo. Amatenga mwana wopekayo n'kumuika pachimake penipeni pa mbiri: ndiye amanyamula kalata imene inayambitsa kuukira, ndiye amamva chinsinsi ali kuseri kwa chitseko, ndiye amalangiza mtsogoleri. Tiyerekeze nkhani ya kuukira kwa John Chilembwe, kumene kunayamba usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915. Chiyeso chake n'choti mwana wasukulu ya Providence Industrial Mission akhale m'misonkhano yachinsinsi, athamange ndi mauthenga, mwinanso aone yekha imfa ya Chilembwe pa 3 Febuluwale. Zikatero owerenga amatuluka akukhulupirira kuti mbiri inatembenukira pa munthu amene sanakhaleko, ndipo amuna ndi akazi enieni amene anaika moyo wawo pachiswe amasanduka omuthandizira chabe.

Mwanayo aime pambali, pafupi moti fumbi likumufika, koma vuto lake likhale lamsinkhu wake. Bambo ake sanabwere kunyumba Loweruka usiku ndipo mayi akukana kunena kumene apita. Asilikali akubwera, iye ali ndi mng'ono wake kumsana, ndipo ayenera kusankha ngati abwerere kukatenga mbuzi kapena ayi. Pambuyo pake adutse pamene panali tchalitchi cha njerwa chimene boma linagumula, aone zidutswa za njerwa zimene mwina iye anathandiza kututa. Kusankha kwake kusinthe moyo wa anthu atatu kapena anayi opeka, mbiri yaikuluyo n'kuyenda mmene inayendera. Anthu enieni otchuka aoneke pang'ono, kamodzi kapena kawiri, ndipo asanene mawu aakulu amene palibe umboni woti ananenapo. Kumupatsa moni mwana kapena kumufunsa dzina n'kololeka. Kumuika m'kamwa mfundo zandale zopeka ndi kumunamizira munthu amene sangathenso kudziyankhira.

Pali vuto lina lovuta kuposa onsewa, ndilo nkhanza. Mbiri yadzaza ndi ukapolo, njala, nkhondo ndi imfa za ana. Akatswiri amayerekeza kuti kale pafupifupi theka la ana obadwa ankamwalira asanakule. Mwana wa zaka 9 sangasenze zonsezi, ndipo wolemba ayeneradi kufewetsa. Funso ndi lakuti afewetse bwanji. Njira ina ndi yosintha zimene zinachitika, ina ndi yosankha pamene mwanayo waima ndi zimene maso ake akuona. Yoyambayo ndi bodza ngakhale cholinga chikhale chabwino.

Buku la John Boyne la mu 2006, The Boy in the Striped Pyjamas, ndi chitsanzo chimene aphunzitsi a mbiri amachitchula kawirikawiri. M'menemo mwana wa zaka 9 wa mkulu wa msasa wa Auschwitz, kumene boma la Nazi la ku Germany linkaphera Ayuda pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, amacheza mobwerezabwereza pa mpanda ndi mnyamata wachiyuda wamsinkhu wake, osadziwa chimene msasawo uli, mpaka kukwawira pansi pa waya. Zoona zake n'zakuti ana ambiri ofika ku Auschwitz ankaphedwa tsiku lomwelo, mipanda inali ya magetsi ndiponso yolonderedwa, ndipo mwa ana ndi achinyamata pafupifupi 232,000 amene anatengedwera kumeneko, amene anapezeka amoyo mumsasamo pa 27 Januwale 1945 anali pafupifupi 700. Mu 2020 nyumba yosunga mbiri ya Auschwitz inalangiza poyera kuti ophunzira ndi ophunzitsa mbiri imeneyi alipewe bukuli. Choipa chachikulu si mpandawo. N'chakuti pamapeto misozi ya owerenga imagwera banja la wakuphayo, ngati kuti tsoka linali lakuti mwana wolakwika ndiye analowa m'chipinda cha mpweya wakupha. Chikomekome cha mkuyu: bukulo limagwira mtima, koma chimene lasiya m'mutu mwa mwana n'chopotoka.

Kufewetsa koyenera kumachitika ndi mtunda. Kwa ana a zaka 6 mpaka 8, choopsacho chikhale kunja kwa tsamba: mpando wopanda munthu m'kalasi, nsapato zimene mwini wake sanabwerere kudzavala. Kwa a zaka 9 mpaka 12, imfa ikhoza kutchulidwa ndi dzina lake ndipo ikhoza kugwera munthu amene owerenga amamukonda, koma mabala ndi kuzunzika kwa thupi zisafotokozedwe mwatsatanetsatane. Achinyamata a zaka 13 kupita m'tsogolo akhoza kuyang'ana pafupi. Pa misinkhu yonseyi wolakwa atchulidwe kuti ndi wolakwa, ndipo ngati ambiri sanapulumuke, bukulo lisapereke chithunzi choti aliyense wochenjera ankapulumuka. Mwana wa m'nkhani akapulumuka, pakhale wina pambali pake, wanzeru ndi wolimba mtima chimodzimodzi, amene sanapulumuke.

Chimodzimodzinso ndi maganizo. Olemba ambiri amaopa kuti mpangankhani akakhala ndi maganizo a nthawi yake, ana atengera tsankho lake. Ndiye amapanga mtsikana wa m'zaka za m'ma 1700 amene kuyambira tsamba loyamba amadana ndi ukapolo, amadziwa kuwerenga, ndiponso amayankha bambo ake mmene angafunire popanda chomuchitikira. Ameneyu ndi mwana wa lero amene wangovekedwa zovala zakale. Amaphunzitsa owerenga kuti kuona choipa n'kosavuta, kuti anthu akale anali ogona chabe, ndiponso kuti iye akanakhalako sakanalakwa. Komatu m'nthawi iliyonse munali anthu otsutsa, ndipo wolemba awafufuze kuti adziwe mmene ankalankhulira. Ku Britain cha m'ma 1791 mabanja ambirimbiri anasiya kugula shuga wolimidwa ndi akapolo, zaka 16 malonda a akapolo asanaletsedwe mu 1807. Mwana wa nthawi imeneyo akhoza kuyamba nkhani akukonda shuga osaganizako kumene amachokera, kenako n'kuona kapena kumva chinthu chimodzi chimene chikumusowetsa tulo. Kusintha kwake kutenge mitu ingapo, ndipo kumudyere kanthu: chibwenzi, chakudya chamadzulo, kapena chikondi cha agogo ake.

Tsono pali dzenje la mbali inayo, limene amagweramo olemba akhama. Munthu wafufuza miyezi isanu ndi umodzi, ndiye akufuna chilichonse chimene wapeza chilowe. Agogo a m'nkhani amakhala pansi n'kuyamba kulakatula madeti masamba atatu, kapena anthu awiri amauzana zinthu zimene onse akuzidziwa kale kuti owerenga amve. Mwana amazindikira msanga kuti ili ndi buku la sukulu lobisala, n'kulitseka. Mwa zinthu khumi zimene mwapeza, chimodzi chokha ndicho chilowe, ndipo chilowe chifukwa mpangankhani akuchigwiritsa ntchito kapena chikumutsekereza njira. Lamulo la ku Britain la mu 1842 loletsa akazi onse, komanso anyamata osakwana zaka 10, kugwira ntchito pansi pa mgodi lisabwere ngati ndime yofotokoza. Libwere ngati madzulo amene mayi akuwerenga ndalama patebulo n'kupeza kuti malipiro a anthu awiri achoka, mwana n'kusokonezeka chifukwa chinthu chimene chamutulutsa mumdima ndi chomwecho chachepetsa chakudya. Malo ndi ochepa: buku la zithunzi kawirikawiri limakhala la masamba 32 ndi mawu osapitirira 1,000, ndipo la ana a zaka 9 mpaka 12 nthawi zambiri limakhala pakati pa mawu 25,000 ndi 50,000. Mawu akale kapena achilendo asapitirire awiri kapena atatu atsopano pa mutu umodzi, ndipo tanthauzo lake lizimveka kuchokera pa zimene munthu akuchita nacho chinthucho.

Za magwero, chenjezo ndi limodzi: amene ankalemba ndi amene anali ndi mphamvu. Malipoti a boma, makalata a amishonale ndi manyuzipepala amanena zambiri za olamulira, pang'ono za olamulidwa, ndipo za ana pafupifupi sanena kanthu. Wolemba akangodalira zimenezi amatengera ndi maso a eni akewo osadziwa, mpaka anthu amene nkhani ndi yawo n'kumaoneka ngati khamu lopanda nkhope. Ana amapezeka m'malo ena: m'maumboni a m'makhoti ndi m'makomiti ofufuza, m'mabuku a kalembera a sukulu, m'mphepete mwa zithunzi zakale, m'nyimbo ndi masewera, ndi m'zokumbukira za okalamba amene anali ana pa nthawiyo. Okalambawa musawafunse kuti chinachitika n'chiyani chaka chakutichakuti, chifukwa adzakuuzani zimene anamva pambuyo pake. Afunseni kuti ankagona pati, ankaopa ndani, anamenyedwapo chifukwa chiyani, ndi fungo limene amalikumbukira. Ndipo zolembazo zisanapite kwa osindikiza ziwerengedwe ndi anthu awiri osiyana: wodziwa mbiri ya nthawiyo, ndi wina wochokera mwa anthu amene nkhaniyo ikuwakamba. Wojambula zithunzi naye apatsidwe zithunzi zakale zomwezo, chifukwa nsapato yolakwika pachikuto imafafaniza khama la chaka chonse.

Kumapeto kwa buku kukhale tsamba limodzi kapena awiri, m'chilankhulo choti mwana yemweyo amve, onena mosabisa kuti uyu ndi uyu analikodi, awa ndawapeka, ndipo apa ndinaphatikiza masiku atatu kukhala limodzi. Osindikiza ena amafuna kulichotsa tsambali kuti asunge pepala, koma ndilo lokhalo limene limaphunzitsa mwana kufunsa kuti "kodi izi zinachitikadi?", ndipo ana ambiri amathamangira komweko akangomaliza mutu wotsiriza. Musanalilembe, perekani nkhaniyo kwa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi a msinkhu umene mukuulembera, aiwerenge okha popanda wowafotokozera. Akamaliza afunseni kuti ndi anthu ati m'nkhanimo amene akuganiza kuti analikodi, ndi chiyani chimene chinayambitsa mavutowo, ndipo amumvera chisoni ndani. Ngati atatu mwa iwo atchula mwana wopekayo kuti ndiye anayambitsa kapena kuthetsa zinthu, kapena chisoni chawo chagwera kumene sichiyenera, vuto silili pa tsamba lofotokozeralo. Bwererani ku mitu ya pakati, pamene mwanayo anayandikira kwambiri anthu enieni aja, mumubwezere pambali.